Kapepala ka M'jekete Yabuluu

"Batani lanulo latsala pang'ono kugwa."

"Ligwe! Mtima wagwa kale, nanga batani n'chiyani?"

Zinayamba choncho, pokwerera basi, mvula ikuwaza. Mtsikanayo anali telala wolembedwa ntchito pashopu ya eni ake, ndipo singano sinkachoka m'chikwama mwake. Mnyamatayo anali wa jekete yabuluu, pakamwa pothira shuga. Basi isanafike, batani linali litasokedwa, nambala ya foni itaperekedwa.

Sabata isanathe, telala anali ndi mayina atatu: "Duwa langa", "Singano ya mtima wanga" ndi "Bwana wanga wam'tsogolo". Lachitatuli ndi lomwe linamumaliza.

"Manja ngati awa n'kumalemeretsa ena?" anatero Wajekete tsiku lina. "Tiyambe yathu, Duwa. Koma bizinesi sayamba ndi maloto, amayamba n'kudzifufuza."

Anang'amba pepala, n'kuligawa m'mabokosi anayi.

"Apa ulembe zomwe uli nazo. Apa zomwe umaposa nazo anzako. Apa zofooka zako. Apa zomwe zingakugwetse."

Bokosi loyamba silinavute: makina osokera omwe malemu mayi ake anamusiyira, sizasi ziwiri, ndi kachipinda koyang'ana kumsewu panyumba ya achemwali ake. La zofooka linadzaza mpaka kusefukira kuseri. Koma lachiwiri linakhala mbee masiku atatu. Amaposa ndani iye? Mumsewu womwewo matelala analipo anayi, onse a zikwangwani zawo!

"Usadzivute, Singano yanga," anatero Wajekete. "Mphamvu yako ndine. Ndapeza shopu kutsidya kwa tauni. Loweruka ndibwera ndi galimoto, tidzanyamule makina."

Achemwali ake atamva, anasiya kusita.

"Shopuyo waiona?"

"Akuipenta, achemwali."

"Nanga iyeyo akubweretsapo chiyani? Malovu?"

"Inu simumukonda basi!"

"Ine ndimakonda makina a amayi. Akatuluka pakhomo pano, sabwereranso."

Foni inalira, uthenga: "Ndikulonjeza, Duwa: pomwe pali ulusi wako, pali moyo wanga. Loweruka tiyamba!" Telala anauwerenga kasanu, mawu a achemwali n'kuuluka.

Lachisanu m'mawa Wajekete anasiya jekete ija. Thumba linali litabooka, ndipo ankafuna kudzatchena pa tsiku lalikulu.

Telala wina akanangotsina bowolo n'kulisoka, basi. Koma iyeyu anaphunzitsidwa ndi mayi ake kuti thumba likabooka, uzisomola kaye nsalu yam'kati kumunsi, chifukwa zonse zogwera pabowo zimakasonkhana kumeneko. Anasomola. Munatuluka chivindikiro cha cholembera, chipeso chothyoka, ndi kapepala kopindapinda.

Mabokosi anayi. Zolemba za Wajekete.

*Zomwe ndili nazo: Telala, makina. Nesi, firiji. Wa kusaluni, chowumitsira tsitsi, komanso mchimwene wake ali ndi galimoto.*

*Zomwe zingandigwetse: atatuwa akakumana. Achemwali a telala.*

Telala anakhala pansi, jekete ili pamiyendo. Ndiye kuti duwa silinali limodzi? Unali munda wonse? Ndipo iye, Singano ya mtima, anali katundu woyamba pamndandanda, pamwamba pa firiji! Analira mpaka kolala ya jekete inanyowa.

Achemwali anatola kapepalako, n'kuwerenga, n'kuseka chikhakhali.

"Ndilimo! Taona, andilemba pa zoopsa! Chibadwire sindinalemekezedwepo chonchi."

"Achemwali, ine ndikulira!"

"Lira, mng'ono wanga, misozi sagula. Koma makina ndi awo ali pakonapo. Ukanachiona Lamlungu chipepalachi, bwenzi ukulirira ziwiri."

Telala anayang'ana makinawo, ataphimbidwa ndi nsalu yawo yamaluwa. Analipo.

"Dikira," anatero achemwali, "kuseri kulinso zina."

Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono:

*Telala: akangomuyang'ana munthu, saizi waidziwa. Tsiku lomwe walonjeza saphonya. Makasitomala a abwana ake amafunsa iyeyo. Matelala anayi aja zipi ndi majekete amakana, iye amasoka. Mwini wake sakudziwa. Asadziwe.*



Miyezi itatu ya mauthenga, maduwa ndi malonjezo, ndipo mawu oona okhawo munthuyo anawabisa m'jekete!

Telala anapukuta m'maso. Anatulutsa pepala lake lija, n'kukopera mawuwo m'bokosi lachiwiri, mzere ndi mzere. Ziganizo ziwiri zomalizazo anazisiya. Bokosi linadzaza.

"Anthu amalipira akatswiri kuti awauze zoterezi," anatero achemwali. "Iwe wangolipira mtima."

"Wakwera mtengo, achemwali."

"Umamera wina."

Masana anasesa kachipinda koyang'ana kumsewu, n'kukokera makina pawindo. Achemwali analemba pa katoni ndi zilembo zopendekeka: TIMASOKA ZIPI NDI MAJEKETE. Thumba lija telala analisoka bwinobwino, nsalu yam'kati n'kuitseka mwaluso, poti tsiku lomwe walonjeza saphonya.

Loweruka m'mawa galimoto inaima pamsewu. Wajekete anatsika akumwetulira, manja atatambasula.

"Bwana wanga wam'tsogolo! Takonzeka?"

Kumwetulira kunathera pa katoni ija. Pawindo panali kale mayi wina ndi siketi yoduka zipi, wina ali pambuyo pake ndi thumba la mayunifolomu. Jekete yabuluu inali itakolekedwa pamsomali panja, yositidwa bwino. Pakhomo panaima achemwali, manja ali m'chiuno, ngati mmene pepala linanenera.

Wajekete anavala jekete yake. Anapisa dzanja m'thumba, n'kupeza chipeso ndi chivindikiro cha cholembera. Anapapasa kumunsi, kumanzere, kumanja. Telala anaponda makina, osadzutsa mutu.

"Duwa... m'jeketemu munalibe kapepala?"