Moto pa Khoma la Mayi Fatuma

Moto unayamba kuoneka m'chipinda cha mayi Fatuma sabata yachitatu ya matenda awo. Kanali kachigamba kowala, kofiira m'mphepete, kamene kankakwawa pakhoma mpaka pamwamba pa mutu wa wodwalayo, kenako n'kuzima. Amuna awo, bambo Selemane, anakaona katatu usiku umodzi. Pofika m'mawa mudzi wonse wa Mitande unali utamva.

Dinércia, mphunzitsi wa sayansi amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Cuamba, ankagona m'kanyumba koyang'anizana ndi zenera la chipindacho. Ankamva zonse. Anamva kuti shehe anabwera kudzawerenga duwa, pemphero la Chisilamu, motowo osaleka. Kenako kuchitsime kunayamba kutchulidwa dzina la mayi Anastaziya, wamasiye wa kuseri kwa mpanda, amene anabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha ndipo analibe m'bale aliyense pamudzipo. Akuti anakanganapo ndi Fatuma za malire a munda wa chinangwa. Akuti motowo ukapitirira, awasamutsa.

Usiku wachinayi Dinércia sanagone. Kunali zii, kupatula chifuwa cha wodwala ndi nkhululu zolira muudzu. Chapatali kunamveka lole yopita ku Mandimba. Itafika pokhota, nyale zake zinawomba zenera lake, ndipo pompo kutsidya kunamveka bambo Selemane akunong'ona kuti, "Wabweranso."

Dinércia anayang'ana pazenera pake. Pamenepo panali pirizima, galasi la ngodya zitatu limene anabwera nalo kuchokera kusukulu pokonzekera phunziro. Ankadziwa bwino zimene limachita. Kuwala kukalowa kumapindika, kukafika kumbuyo kwa galasilo sikutuluka, kumabwerera konse m'kati momwemo n'kutulukira mbali ina. Mbali inayo inali zenera la mayi Fatuma.

Anafuna kukagogoda kwa bambo Selemane nthawi yomweyo. Koma akanati chiyani, mlendo, mtsikana wosakwatiwa, ali ndi chigalasi choponya moto pa wodwala? Anachikulunga m'nsalu n'kuchibisa pansi pa sutikesi, akuganiza kuti moto ukaleka nkhaniyo ifa yokha.

Sanadziwe kuti akuluakulu anali atagamula kale. Tsiku lotsatira, iye ali kusukulu, mayi Anastaziya anakwezedwa panjinga ndi kamtolo kawo, ulendo wa ku Etatara kumene ankati kuli mnzawo wakale. Usiku umenewo khoma linakhala lakuda. Usiku winawo chimodzimodzi.

"Mwaona, aphunzitsi," anatero bambo Selemane m'mawa, akutsuka kumaso. "Ena ankati tikuwanamizira."

Tsiku lonse Dinércia anaganiza njira imodzi yokha yowayeretsera mayi Anastaziya popanda iye kutsegula pakamwa: motowo uonekenso eniake kulibe. Kutada anatulutsa galasi lija, naliika pomwe linali, nakhala pamphasa kudikira.

Lole inachedwa. Chifuwa cha kutsidya chinali chitasintha, chikumveka ngati munthu akukoka thumba pamchenga. Tambala woyamba atalira, nyale zinatulukira pokhota, ndipo kuwala kunadutsa bwalo n'kulowa pazenera paja.

Chifuwa chinaleka. Panapita kanthawi, kenako mchemwali wa Fatuma anayamba kulira. Pakati pa kulirako Dinércia anamva mawu a bambo Selemane, otsika, osanjenjemera n'komwe.

"Anastaziya watipeza ali ku Etatara. Kukacha timulondola."