Nsalu Yotsala ya a Vailet

Pali malemu mayi anga, mphezi inding'ambe pompano ngati muli bodza m'menemu! Ine Nairobi ndinaiponda mpaka misewu kumandipatsa moni.

Chaka cha 1983, Mai Lenah, amasiye a ku Zomba, ankachita lendi ku Umoja, dera la mu Nairobi momwemo. Mwini nyumba, wokhala kuseri kwa khoma, anachita kuneneratu: "Hakuna biashara, geni muno ayi. Ndikangomva makina, mutuluka." Nanga ana adya chiyani? Mayiwo ankasoka mobisa, makina atawakhazika pa mabulangete, wailesi atakweza. Ankasoka zoyera zovekera Amalawi omwalira, asanakwezedwe ndege ya kumudzi.

Mwambo mukuudziwa: nsalu yotsala imalowa m'bokosi momwemo. Koma atamwalira a Vailet, akazi a bwana wina wachimalawi wokhala ku Lang'ata, nsalu inabwera yowala kuposa mwezi, malipiro ake "tidzaonana". Mai Lenah zinawawawa. Anadula mofupikitsa, yotsalayo n'kusokera mwana wawo diresi la ubatizo.

Lachisanu, ana atagona, chitseko go go go.

"Odi kuno."

Mawu akwathu enieni. Mai Lenah anatsegula. A Vailet ali chilili, thonje m'mphuno, chovala cholekeza m'maondo, miyendo ili mbuu.

"Amayi, kumazizira uko. Mwandiperewetsa."

Analowa. Anakoka mabulangete n'kutaya uko. Anatseka wailesi. Anatenga diresi la mwana lija n'kukhala pa makina, phazi pa chopondera. Khwekhwekhwekhwe! Ndikuti phokoso linafika ku Industrial Area, alonda kutaya zibonga.

Mai Lenah anagwada. "A Vailet, chonde, pang'onopang'ono. Andithamangitsa. Ana ndipita nawo kuti?"

Wakufa osacheuka. Kuseri kwa khoma nyali inayaka.

Kutacha, diresi la mwana kunalibe, patangotsala mabatani pampando. Mwini nyumba anabwera ndi anyamata ake onyamula, katundu yense panja, makina pamwamba. Mabwana aja omwe mayiwo ankawavekera akufa awo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatumiza galimoto yodzawathandiza. Mwezi usanathe, mwini nyumba anatsegulamo shopu yake ya telala. Hakuna biashara! Aneba ankanong'ona kuti zoyera zilizonse akasoka m'menemo, kukacha zafupika.

Griffin, mdzukulu wanga wa sukuluyu, akuti thupi linaikidwa ku Malawi, linabwerera bwanji ku Kenya? Zamkutu! Unamvapo wakufa atafunsidwa pasipoti?