Vidiyo Imene Sinkafika

Chimene Mayi Kamera anayamba kuona chinali kuwala kwa buluu kunsi kwa chitseko cha chipinda chogwiriramo ntchito. Kuwalako kunazima, m'nyumba monse munangoti zii, kenaka kunamveka kanyimbo kaja kamene kompyuta imaimba ikamayaka. Apa n'kuti pasanathe ngakhale sabata chiwaikireni amuna awo m'manda.

Malemuwo anthu ankangowatchula kuti a Kamera, chifukwa moyo wawo wonse anaudyera pojambula maukwati ndi misonkhano. Kompyuta yawoyo sinkazimitsidwa. Ankati imagwira ntchito usiku anthu akagona, ndipo akazi awo, amene ankangodziwa kutsegula mafoda ndi kukopera zinthu, sanafunsepo kuti ndi ntchito yanji. Mnzawo wa malemu atabweretsa vidiyo ya maliro pa fulashi, mayiwo anaikopera mu foda yolembedwa kuti Zathu, momwe munkakhala mavidiyo onse a pabanjapo. Kuionera kokha analibe nako mtima.

Usiku wotsatira zinachitikanso. Fani ya m'kompyutamo inayamba kulira pang'onopang'ono, n'kumakweza mawu ngati munthu wokwera chitunda atasenza katundu, kenaka n'kudukiza. Mdima. Kenaka kanyimbo kaja.

Mng'ono wawo, amene anatsalira pamalirowo kuti aziwachezetsa, anamva zonsezo ali chigonere. Anawakodola ndi chigongono.

"Achemwali, mwamva?" ananong'ona. "Alamu aja abwera ku ntchito."

Mayi Kamera anamuuza kuti agone, koma iwo eni anachezera kuphethira mpaka kunja kunayera.

Mng'onoyo pakamwa pake panalibe chitseko. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa. Ena ankati malemu anasiya ukwati wa anthu asanaumalize kukonza, ndiye akubwera kudzamaliza. Ena ankati wina anaikamo chinthu m'makinamo. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo analumbira kuti anamva mpando ukukokedwa, ngakhale kuti iyeyo ngakhale galimoto ikaliza hutala pakhomo pake saimva. Mng'ono uja anafunditsa kompyutayo bulangete kuti isamawaone, ndipo usiku umenewo inazima n'kuyakanso kambirimbiri kuposa kale.

Komatu chimene chinkawadya Mayi Kamera sichinali mizimu. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anali kutali, chigonere m'chipatala, ali wotopa ndi pakati. Anali atapita padera kawiri, magazi ankathamanga, ndipo madokotala anachenjeza kuti asamve chilichonse chomudzidzimutsa mpaka atachira. Mkamwini anachita kulira pafoni, kupempha kuti uthenga wa malirowo usamufike kaye mkazi wake. Banja lonse linagwirizana. Mwanayo ankauzidwa kuti bambo ake apita kukajambula kumalo kopanda netiweki, ndipo foni yake inkakhala ndi mwamuna wake, amene ankamupatsira mayi ake akaimba. M'mawa uliwonse mayiwo ankatsuka kukhosi, n'kumuseketsa mwanayo pafoni, kenaka n'kukalirira kubafa.

Mng'ono wawo atanena kuti angozula waya kukhoma, iwo anakana. Ankaopa kuti zithunzi zonse za banja zifufutika, komanso mumtima ankaona ngati kutero n'kuwapirikitsa amuna awo m'nyumba yawo yomwe. M'malo mwake anaitanitsa a Fyuzi, bambo wa imvi amene ankakonza makompyuta pakhonde la sitolo ina, munthu wosakhulupirira chilichonse chimene sangachimasule ndi sikuludiraiva.

Ulendo woyamba a Fyuzi anati vuto ndi magetsi, n'kusintha soketi. Usiku inazimanso. Ulendo wachiwiri anatsegula chibokosi cha kompyutayo n'kupeza fumbi lokwanira kudzalamo maluwa. Analipemerera, anadzoza fani mafuta, n'kudzudzula za bulangete lija. Anaisiya ikuyenda masana onse osatsokomola n'komwe. Usiku inazimanso.

Zimenezi zinawakhudza ulemu a Fyuzi. Ananena kuti matenda obwera usiku amafunika kuwadikirira usiku womwewo, ndipo tsiku lotsatira anabwera kutada, atanyamula kachikwama kawo. Anakhala pampando wa malemu. Amayi awiriwo anakhala pa benchi kumbuyo, atakumbatira manja, mng'onoyo ali pafupi ndi chitseko kuti zikavuta asapanikizane ndi munthu.

Anadikira nthawi yaitali. Agalu a mumsewu anauwa mpaka kutopa. M'chipindamo munkanunkhabe mafuta amene malemu ankadzola, ndipo jekete lawo linali likadali pamsomali, mapewa ake atatukuka ngati muli munthu. Kenaka, popanda wokhudza mausi, kanyali kakang'ono kakumbuyo kwa bokosi kanayamba kuphethira mothamanga. Fani inakweza mawu. A Fyuzi anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, anatsegula apa ndi apo, ndipo asanamalize kuwerenga chipinda chonse chinagwa mumdima.

Mng'ono uja anayamba pemphero. A Fyuzi anaseka pang'ono.

"Musavutitse Mulungu, mayi. Mfiti yanu ndaiona."

Itayakanso anawaonetsa kapulogalamu kobisala pakona. Anafotokoza kuti n'kogawirana mafayilo: foda ina ya m'kompyutamo ili ndi inzake pa kompyuta ina kwinakwake, ndipo chilichonse choikidwa kuno chimapita chokha kumeneko. Mwini wake wa kompyuta inayo amayatsa yake usiku, kapulogalamuka n'kuyamba kukankha fayilo yaikulu kwambiri, ndipo mbali yolumikizira intaneti, imene inkayendera pulogalamu yakalekale, inkatsamwa n'kugwetsa makina onse. Chimodzi chokha ndi chimene chinawazunguza mutu. Fayilo yotere ikadukizidwa imayenera kupitiriza pomwe inalekera, koma iyi inkabwerera poyambirira ulendo uliwonse. Anati mwina ndi ukalamba wa makina.

Anaika pulogalamu yatsopano, anachepetsa liwiro, n'kukhala chotsamira. Pa sikirini panaoneka kamzere kobiriwira kakutalika pang'onopang'ono. Kanadutsa pakati. Fani inkangopuma bwinobwino. Kanadutsa pomwe kankafera masiku onse, ndipo a Fyuzi anayamba kulongedza zida zawo, akuimba kamluzu.

Mayi Kamera anamva mtima ukutsika kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro. Anafunsa, mongocheza, kuti kompyuta inayo ndi ya ndani.

A Fyuzi anawerenga dzina limene malemu anailemba. Linali dzina lachibwana la mwana uja, limene bambo ake okha ndi amene ankamuitana nalo. Laputopu yake anali nayo m'chipatala, ndipo tulo tikamusowa ankaitsegula kuti aone ngati bambo ake amutumizira kanthu.

"Nanga fodayo ndi iti?" mayiwo anafunsa.

"Yalembedwa kuti Zathu."

"Chikupitacho n'chiyani?"

A Fyuzi anatsinzinira kuti aone bwino. "Maliro a bambo."

Kamzere kaja kanali katatsala pang'ono kwambiri kugunda kumapeto. Mayiwo anagwira phewa la a Fyuzi n'kulifinya. Mng'ono wawo ndi amene ananena kuti mwanayo sakudziwa za malirowo. A Fyuzi anataya chikwama, zida zinamwazika pansi, ndipo anatambasula dzanja kuti agwire mausi.

Dzanjalo lisanafike, kompyuta inazima.

Ulendo uno kanyimbo kaja sikanamveke. Anakhala mumdimamo akumva kupuma kwa wina ndi mnzake. Babu la pakhonde linali likuyaka, ndipo firiji kukhitchini inkalira monga mwa masiku onse. A Fyuzi anayatsa tochi ya pafoni, anaunika soketi, anaunika waya, anagwira bokosi. Linali lozizira.

Anazula waya wa intaneti, anayatsa makinawo ndi chala chawo, n'kuchotsa vidiyoyo mu foda ija. Mng'ono uja atafunsa kuti chazimitsa n'chiyani popeza anati akonza, iwo anangotola masikuludiraiva awo mmodzimmodzi. Potuluka anaima pakhomo, n'kuyang'ana jekete lija.

"Chimene ndinakonza ine n'chokonzeka," anatero. "Izi zinazi si za ntchito yanga."

Kuyambira usiku umenewo kompyutayo sinazimenso yokha.

M'mawa mwake foni inalira. Anali mwana uja, mawu ake otopa koma ansangala. Anati madokotala akuti zonse zili bwino, mwina achira sabata yamawa. Kenaka anadandaula kuti pali chinthu chimene chakhala chikubwera kuchokera ku kompyuta ya bambo ake usiku uliwonse, dzina lake losaoneka mpaka chitafika chonse, koma chimangoti chikatsala pang'ono n'kuthawa.

"Ababa akabwera muwauze kuti asiye kundinyanyula," anatero akuseka. "Akufuna ndichione liti?"

Mayi Kamera anayang'ana chitseko cha chipinda chija. Chinali chotsekula pang'ono, ndipo mpando unali utabwezedwa bwinobwino kunsi kwa tebulo, monga momwe mwini wake ankausiyira akamaliza ntchito.

"Akuti ukachira, mwanangu," anayankha. "Akuti udikire kaye."