Kanyerere ndi Fulashi Yofiira

Kanyerere anali mtsikana wokonda kutola. Ankatola mabatani. Ankatola zitsekerero za mabotolo. Ankatola timiyala tosalala. Matumba a diresi yake sankapuma. Dzina loti Kanyerere anam'patsa ndi bambo ake.

Bambo akewo anamwalira chaka chatha. Koma mawu awo anatsala m'nyumba. Anatsala mu kompyuta yakale ya pabalaza. Munali kavidiyo kawo kamodzi kokha. M'kavidiyomo bambo ankaseka, n'kufunsa kuti, "Kanyerere wanga, watola chiyani lero?"

Tsiku lililonse akaweruka kusukulu, Kanyerere ankatsegula kavidiyoko. Bambo ankafunsa. Iye ankawaonetsa zimene watola. Amayi sankaonera nawo. Mawu aja akangomveka, ankapita kukhitchini mwakachetechete.

Tsiku lina Kanyerere anatola chinthu chachilendo pageti la sukulu. Inali fulashi yofiira, kachipangizo kosungiramo zithunzi ndi nyimbo. Anaganiza za mwini wake. Mwina akuifunafuna. Mwina akulira. Mwina nayenso anasungamo bambo ake.

Amayi anali atam'letsa kale kulowetsa zachilendo mu kompyuta. Kanyerere ankakumbukira bwinobwino. Koma anadziuza kuti angoona nkhope ya mwini wake basi.

Analowetsa fulashi ija. Anadina. Sikirini inaphethira. Inaphethiranso. Kenako zithunzi zonse za mu kompyuta zinasowa. Kavidiyo ka bambo nako kanasowa.

Kanyerere anazula fulashi. Anazimitsa kompyuta. Anayatsanso. Munalibe kanthu. Anayesanso kachiwiri. Munalibebe kanthu. Mtima wake unalemera kwambiri. Anabisa fulashi m'sokosi, n'kuvundikira kompyuta ndi nsalu.

Tsiku lotsatira sanatole chilichonse. Panjira panali batani lonyezimira. Analiona, koma anangolidutsa.

Amayi anazindikira. Mayi sabisiridwa zotere.

"Mwanangu, m'matumba mwako mulibe kanthu lero. Wadwala?"

Kanyerere anapukusa mutu. Misozi inatuluka yokha.

"Amayi, ndawataya bambo."

Anafotokoza zonse. Anatulutsanso fulashi m'sokosi muja. Amayi anakhala pansi. Maso awo anafiira, koma sanakalipe. Anam'kokera pachifuwa, n'kumuuza kuti wachita bwino kunena. Kenako anaimbira foni azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ankagwira ntchito yokonza makompyuta.

Azakhali anafika masana ndi chikwama chawo chakuda. Anachotsa nsalu ija. Anayatsa kompyuta, n'kuiyang'anitsitsa. Anati mwalowa vayirasi. Anati vayirasi ndi pulogalamu yoipa, ndipo amaipanga ndi anthu oipa mtima.

"Zilipo zamitundumitundu," anatero azakhali. "Ina imabwera ngati masewera aulere. Ina imaba mawu ako achinsinsi. Ina imatsekera zinthu zako, n'kukana kutsegula. Ina imangozibisa."

"Nanga yathuyi ndi iti, azakhali?"

"Sindinadziwe, mwana wanga. Tidikire."

Azakhali anatsegula pulogalamu yosaka mavayirasi. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pasikirini. Kankayenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Kanyerere anadikira. Amayi anadikira. Kanyerere ankaopa kwambiri.

Kamzere kaja kanafika kumapeto. Azakhali anapumira m'mwamba.

"Ndi yobisa ija," anatero. "Sinafufute."

Anaichotsa vayirasiyo. Anadinadina mabatani. Chithunzi chimodzi chinabwerera. Chinanso chinabwerera. Zonse zinabwerera. Pamapeto pake, kavidiyo ka bambo kanaoneka pamalo pake.

Azakhali sanathere pomwepo. Anakopera kavidiyoko mu fulashi yatsopano. Anakakoperanso mu foni ya amayi. Anati chinthu chapamtima sichisungidwa malo amodzi. Fulashi yofiira ija anaiika m'chikwama. Anati akaitsuka kaye, kenako aipereka kwa aphunzitsi kuti mwini wake aipeze.

Kenako anam'tsina Kanyerere patsaya.

"Mabatani uzitola. Timiyala uzitola. Koma fulashi ukatola, uzibwera nayo kwa ine."

Kanyerere anavomera ndi mutu. Anakhala pampando, n'kutsegula kavidiyo kaja. Amayi anaimirira kuti apite kukhitchini. Anafika pakhomo, n'kuima. Anabwerera, n'kukhala pambali pake.

Bambo anaseka. Bambo anafunsa.

"Kanyerere wanga, watola chiyani lero?"

Kanyerere anapisa m'thumba lakumanja. Munalibe kanthu. Anapisa m'thumba lakumanzere. Munalibenso kanthu. Ndiye anagwira dzanja la amayi, n'kulikweza kusikirini.

"Lero ndatola amayi, bambo."

Azakhali anaseka. Amayi nawo anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Kanyerere anali asanamve kuseka kwa amayi chichokereni bambo.

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Tabwereza, mwanangu," anatero. "Ndiwamvenso."