Tusekele Wadzala Usipa

Tusekele ankakhala kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Indianapolis ku Indiana. Ankafuna chimanga cholima yekha. Ankafuna kupita nacho ku phwando la Thanksgiving.

Kusukulu, aphunzitsi anafotokoza chiyambi cha phwandolo.

"Kalekale kunabwera alendo pa sitima ya pamadzi. Njala inawapweteka. Eni dziko, Awampanowagi, anawaphunzitsa kudzala chimanga. Ankaika nsomba m'phando. Chimanga chinabereka. Atakolola, anadyera limodzi. Ndi phwando la zokolola."

Nsomba m'phando? Tusekele mutu unaima.

Kunyumba, adadi anali pa foni ndi amalume a kumudzi ku Karonga.

"Mvula yagwa!" anatero amalume. "Tikudzala lero!"

Kusukulu akuti kukolola. Pa foni akuti kudzala. Zoona ndi ziti?

Tusekele anatenga chimanga cha mbuliwuli. Anatenganso usipa wa amami. Usipawo unachokera kumudzi, m'sutikesi. Amami ankausungira phwando.

Kunja kunkazizira koopsa. Dothi linali gwa! Tusekele anakumbabe. Phando ili, usipa. Phando ilo, usipa. Thumba lonse linatha.

M'mawa anakasuzumira. Palibe chamera. Mawa lake anakasuzumiranso. Palibe chamera. Anangopeza mphaka akunyambita milomo.

Tsiku la phwando linafika.

"Usipa wanga uli kuti?" anafunsa amami. "Kuphwando ku South Bend anthu akuudikira!"

"Ndadzala, mami."

"Wadzala? Usipa? Mayo ine!"

Tusekele analira. Analibe chimanga. Amami analibe usipa.

M'galimoto, adadi analoza minda.

"Taona, kuno akolola kale. Kumudzi ndiye akudzala."

"Nanga ine ndadzala nthawi yanji?"

"Nthawi ya ku Karonga, mwanawe. Koma dothi ndi la ku Indiana."

Ku South Bend, anti Vainess, anzawo a amami, anatsegula chitseko.

"Takulandirani! Usipa uja uli kuti?"

Tusekele anabisala kumbuyo kwa adadi.

"Uli m'munda, anti," anatero motsitsa mawu.

Kenako anti Vainess anaseka mpaka misozi.

"Koma mwana uyu! Ndi mlimi weniweni! Ine ndili ndi kadimba kuseriku. Udzabwere mu Meyi. Tidzadzala limodzi."

Tusekele anapukuta misozi.

"Ndibweretse usipa?"

"Ayi!" anakuwa onse.

Amami nawo anaseka. Anamukhazika pamwendo. Anamuikira ntchafu ya nkhukundembo m'mbale.