Mthunzi wa Mtengo Umene Tinadula

Nkhani iyi ndikaikamba anthu amati ndinali ndi tulo. Tulo ndinali nato ndithu, wodwazika matenda amagona liti? Koma izi zinachitika masanasana, ndipo mmisiri amene anatiikira sola akadali moyo, mukamufunse.

Amayi ankadwala shuga, ndipo mankhwala awo obaya ankafunika kukhala mufiriji. Magetsi kwathu ankayaka akafuna okha. Achimwene anagula mapanelo awiri ndi batire n'kubwerera kwawo, zotsalazo n'kundisiyira ine monga mwa masiku onse. Mmisiri anati mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ukutchinga dzuwa. Mtengowo anabzala ndi malemu bambo, ndipo masana ankakhala patsinde pake limodzi ndi amayi. Amayi anakana kuti tiudule. Tinadulabe.

Poyamba zinayenda. Kenako batire inasiya kudzaza. Pofika madzulo firiji inkakhala itazima, mankhwala atafunda. Ndinataya mabotolo awiri. Ndinkachita kukulunga otsalawo m'nsalu yonyowa.

Ndinaitana mmisiri uja. Anayeza mawaya, anayeza batire, zonse zili bwino. Anakwera padenga dzuwa lili paliwombo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Anakhalitsa kumeneko osagogoda kanthu.

"Achemwali," anaitana motsitsa mawu, "takwerani muone."

Ndinakwera makwerero. Malata ankawotcha m'manja. Koma pamapanelo panali mthunzi. Mthunzi wa nthambi, masamba akugwedezeka. Mphepo kunalibe. Ndinayang'ana pansi: chitsa chokhachokha. Ndinaika dzanja pagalasi. Linali zii. Panamveka fungo la mango akupsa.

"Mukumva?" ananong'ona mmisiri.

Masamba ankachita phokoso pamwamba pa mitu yathu, pamene panalibe kanthu.

Tsiku lomwelo anasamutsira mapanelo mbali ina ya denga. M'mawa mwake mthunzi unali utawatsatira komweko. Mmisiriyo sanabwerenso, ngakhale pulayala yake yogwirira mawaya anaisiya.

Ndinawauza amayi ndikuwasambitsa. Sanadabwe.

"Bambo akowo ndi amakani," anatero. "Akundisungira malo."

"Nanga mankhwala anu, amayi?"

"Watopa, mwanawe. Inenso ndatopa."

Zoona, ndinali nditatopa, moti sindinawatsutse. Ndinangowapukuta msana.

Patapita masiku, ndinabwera kuchokera kuchipatala ndi mabotolo atsopano n'kupeza bedi la amayi lili pululu. Ndodo yawo panalibe. Ndinazungulira kuseri. Anali atakhala pamkeka, atatsamira chitsa chija, padzuwa loti nkhuku zonse zinali zitathawa. Sanatuluke thukuta. Pankhope pawo pankasewera mithunzi ya masamba. Mkekawo anayala wonse, koma iwo anakhala mbali imodzi.

Ndinawaitana. Sanayankhe. Dzanja lawo linali lozizira ngati galasi lija.

Kuyambira tsiku limenelo batire imadzaza isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Firiji imalira usana ndi usiku osapumira. Achimwene amati mwina linali vuto la waya, ndipo ine ndilibe mphamvu zokangana nawo. Mabotolo aja akadali mufiriji, osatsegula, ozizira bwinobwino. Kuseri sindipitako masana. Mwana wa aneba ndi amene amakonda kusewera pachitsa paja, akuti pamakhala kamphepo kabwino.