Vinyo wa pa Lizulu

Zelesi anakumana ndi Fabiano pa siteji ya basi pa Sharpevale, akuweruka ku chipatala kumene ankathandiza anamwino. Mwamunayo anali atangobwera kuchokera ku Joni, chipewa chopendekeka, wailesi m'manja, pakamwa ngati pothira shuga. Tsiku lomwelo anamutcha duwa lake. Sabata isanathe anali atalumbira pali Mulungu kuti kwawo ndi ku Dedza ndipo sanakwatirepo.

"Ukadzamva kuti ndili ndi mkazi, Zele wanga, udzandilavulire m'maso," anatero.

Mwana wa eni anakhulupirira. Anakana Silvester, mphunzitsi wofatsa amene amalume ake ankamufuna, n'kulengeza kumtundu wonse kuti wapeza banja. Koma miyezi inkapita, ankhoswe a Fabiano osaoneka. Akafunsa, bambo ankangosimba za vinyo wa Apwitikizi wa pa Lizulu, ati tsiku lina adzamumwetsa.

Nyimbo imeneyi inamukwana Zelesi. Atalandira tchuthi ananena kuti apite ku Lizuluko. Fabiano anayamba kuzemba, ati kumazizira, ati bwanji ku Balaka. Zelesi anamuuza mosapsatira kuti ngati vinyo weniweniyu ndi bodza, ndiye kuti za ukwatinso ndi bodza. Anakwera basi atafufumirana, wina kuyang'ana pawindo, wina kupotokola wailesi.

Pa Lizulu msewu ndiwo malire. Atangotsika, Fabiano anamukokera tsidya la ku Mozambiki, m'sitolo ya Mpwitikizi, n'kusankha mpando wa pakona. Tinene zoona, kudya anadya: buledi wotentha, nsomba zam'chitini, kanyenya wa mbuzi wothira tsabola wa kambuzi. Vinyo anayamba wamuwawa pakhosi Zelesi, kenako anangozindikira akuseka.

"Waona? Ine sindinama, wapamtima wanga," anatero Fabiano. "Chaka chino chisanathe ukhala mayi wa m'nyumba mwanga."

Nanga mtima wa munthu ndi mwala? Zelesi anafewa.

Kutacha anafuna kuzungulira mumsika kuti agule kachewere wopita naye kwa amalume. Mkangano unabukanso. Fabiano ati mutu ukuwawa. Kenako ati waiwala khadi la chipani, ayufi, anyamata ofunsa makhadi aja, amubweza polowera. Zelesi anapisa m'thumba la jekete la mwamunayo n'kulitulutsa khadilo.

"Mukuchita nane manyazi eti, a Fabiano? Ndine wodyera nane pakona basi?"

Mwamuna anatsatira monyinyirika, chipewa atachitsitsira m'maso.

Msika unali utadzaza. Kabichi, anyezi, tomato, mapichesi onunkhira, zonse milumilu. Zelesi analawa pichesi, ananenerera anyezi, n'kukaima pa mulu wa kachewere wa mayi wina wachikulire. Mayiyo anakweza maso kuti amulonjere, koma anaona amene anali kumbuyo kwake. Nthawi yomweyo anatembenukira kumbali, n'kufunda chitenje kumaso.

Ndiye Fabiano, katswiri wa bodza uja, thupi lake lomwe linamupereka. Chipewa anavula osadziwa. Ananjuta, maso kumbali, manja pamodzi.

Zelesi anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ananso Fabiano. Iye anakulira mu Ntcheu momwemu. Mayi wamkulu sabisira nkhope munthu wongodutsa. Amabisira mkamwini wake.

Monga mwa mwambo, mayiyo sanalankhule ndi Fabiano. Anauza mnzake wogulitsa tomato pambali pake mwachimwemwe.

"Aselestina, auzeni akamwini kuti sitinamve kuti anabwerako ku Joni. Mkazi wawo Aida akungoyang'ana kumsewu ku Mlangeni. Mwana uja anamusiya m'mimba pano akuthamanga. Nanga awa ali nawo ndi alongo awo?"

Selestina anabwereza zonsezo mokweza, ngati panali wina amene sanamve.

"Eee," anayankha Fabiano, maso ali pansi. "Ndi mlongo wanga."

Mlongo! Mkazi amene dzulo lomweli anali wapamtima! Zelesi anakumbukira Silvester, anakumbukira amalume ake, anakumbukira lumbiro la Fabiano lija. Malovu anadzaza m'kamwa mwake ndipo nkhope ya Fabiano inali pafupi. Koma mayi uja, chitenje chikadali kumaso, anali akupapasa kachewere wamkulumkulu kuthira m'dengu la Zelesi, ati mlamu wa Aida sangagule. Zelesi anameza malovuwo.

Anagwada, analandira dengulo ndi manja awiri, n'kulitula pamapazi a Fabiano.

"Mayi, kachewereyu adye mdzukulu wanu," anatero, misozi ikutsika. "Ine si mlongo wawo. Anandiuza kuti sanakwatirepo. Dzulo tsidya lija amandimwetsa vinyo, ati chaka chino andikwatira."

"Zele, duwa langa, taima ndikufotokozere..."

"Fotokozerani apongozi anu."

Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kulunjika ku siteji. Atayenda pang'ono anacheuka. Fabiano anali chinjutire pomwe paja, chipewa m'manja. Mayi uja anali atachotsa chitenje kumaso, ndipo pamaso pa msika wonse anali akumuyang'ana mkamwini wake m'maso mwenimweni.